Ndinakwera Phiri Nditavala Suti ya Ukwati

Nkhani iyi mkazi wanga amaifotokoza mwachidule: "Tinapita kokakwera phiri anthu awiri. Wina anafika pamwamba, wina sanafike." Anthu amaseka, ndipo palibe amene amafunsa kuti wosafikayo ndi ndani. Ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha, poti manyazi ukawaulula wekha amapepukako.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi namwino kuno ku Perth. Kalekale wodwala wina, gogo wochokera ku Ulaya, anawapatsa chithunzi cha kumudzi kwawo, m'mapiri a Alps. Mudzi wake wakalekale, nyumba za miyala zothithikana, timisewu topapatiza toti galimoto singadutse, tchalitchi cha nsanja yaitali, ndipo kumbuyoko mapiri oyera mbee ndi sinowo (chipale chofewa chija ife timangochiwerenga m'Baibulo). Chithunzicho anachimata pa filiji kunyumba kwathu ku Cannington. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Mayi a Tadala, kumeneko ndidzakutengani ine." Chaka chinatha. Ndinati chaka cha mawa. Chinatha chinanso. Ndinati ana akuleko kaye.

Kenako kunabwera korona, boma n'kutseka malire onse, moti ngakhale kupita ku Sydney kokha kunali kosatheka. Ndiulule tchimo langa: mumtima ndinapumako. Tsopano ndinali ndi chonamizira chomveka. Aliyense wobwera kwathu ndinkamuloza chithunzi chija n'kupukusa mutu kuti, "Mliriwu watilakwira kwambiri."

Pomwe ine ndinkapukusa mutu, mkazi wanga ankagwira mashifiti awiriawiri. Ankabwera nkhope ili ndi mizere ya masiki, kuvulira zovala m'galaja, kusamba, kenako ana awiri kuwalumphira, ine kumbuyo ndi mafunso anga a mchere uli kuti. Tsiku lina m'mawa ndinapeza pa filiji pali mbee, chithunzi palibe.

"Mwachichotseranji?"

"Chimangonditopetsa, bambo a Tadala. Malonjezo anu ndinawazolowera."

Sanakalipe ayi. Ananena ngati akundiuza kuti shuga watha. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinazindikira kuti mkazi wanga wasiya kukhulupirira mawu anga, ndipo wasiyanso kukwiya nazo.

Sabata yomweyo ku ntchito ku Welshpool, kumene ndimanyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, mnzanga wa ku Lusaka, a Mwanza, anandikokera pambali. "Mudala, mwamvela? Ku south kuli mountain, Bluff Knoll. Bakamba ati pa weekend kuzagwa snow. Five hours chabe na motoka." Ndinadumpha. Sinowo mkati mwa malire otsekedwa! Ndipo mwamwayi mayi a Tadala anali ndi masiku awiri opuma, oyamba pa miyezi ingapo. Ndinafika kunyumba chifuwa chili patsogolo. "Loweruka mukugwira sinowo ndi manja anu. Ndalonjeza." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Chabwino." Ana tinakawasiya kwa mlamu wanga ku Mirrabooka.

Apa ndi pamene Umalawi wanga unandipereka. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu sapita kokajambulitsa atavala zakumunda. Chithunzi choti chikafika pa gulu la abale pa foni, azakhali akachione ku Kasungu, munthu umatchena. Ndinatulutsa suti ya ukwati wathu (inali isanandionepo kwa zaka khumi, ndipo m'zaka zimenezo ine sindinkasala kudya), tayi yofiira, ndi nsapato zija zosongoka kutsogolo, zoterera kunsi. Komanso Mmalawi sayenda ulendo wopanda kamba. Ndinadzaza kulabokosi yaikulu, bokosi lija losungiramo zakudya paulendo: mpunga, nkhuku yokazinga, mandasi, fulasiki ya tiyi, mbale zathu za alendo zija zosweka, ndi nsalu ya patebulo ya maluwa. Ndinkafuna tikadyere pamwamba penipeni ngati anthu olemekezeka.

Mayi a Tadala anavala nsapato zawo za kuntchito ndi jekete lamvula.

"Bambo a Tadala, mukupita kuphiri kapena kuchinkhoswe?"

"Musandiphunzitse za mapiri. Ine ndine wa ku Dedza."

(N'zoona, ndinabadwira ku Dedza. Tinasamukako ndili ndi zaka zitatu, n'kukakulira ku Area 25, kumene phiri lalitali ndi chulu cha kuseri kwa sukulu.)

Tinagona m'katauni kena kufupi ndi phirilo, ndipo m'mawa tinafika patsinde pake. Magalimoto anali mbwee. Aliyense anali ndi nsapato za jombo, kachikwama kumsana, ena ndi ndodo ziwiriziwiri. Nditatuluka m'galimoto anthu anatembenuka. Bambo wina anandifunsa ngati pamwamba pali ukwati. Ndinamwetulira, n'kunong'oneza mkazi wanga kuti, "Mwaona? Azungu amadziwa chovala."

Poyamba zinayenda bwino. Ndinkapereka moni kwa aliyense wodutsa monga tinaleredwera, mpaka kufunsa za kunyumba. Titayamba masitepe a miyala, moni uja anafupika. Patapita kanthawi ndinkangokweza nsidze. Kulabokosi ndinainyamula kudzanja lamanja, kenako lamanzere, kenako kuikumbatira pamimba ngati mwana wodwala. Mkatimo mbale zinkalira kwechekweche, phiri lonse kumva kuti kukubwera khitchini.

"Bweretsani ndikusenzereni," anatero mayi a Tadala.

"Ine ndili moyo? Anthu aziti chiyani?"

Anthu ake ati, sindikudziwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ku Kasungu paphiri limenelo.

Kenako anatipitirira gogo wina wamkazi, tsitsi loyera lonse, msinkhu wa amayi anga. Ankayenda pang'onopang'ono koma osaima. Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka kunsapato. "You right, love?" Ndinayankha kuti ndikungoonerera chilengedwe. Chilengedwe chake chinali mwala umene ndinautsamira, poti maso anali akuona nyenyezi masanasana.

Kunayamba kuwaza kamvula kozizira, miyala n'kuyamba kuterera. Nsapato zanga zinapangidwira kapeti ya m'tchalitchi. Phazi lililonse ndikaponya kutsogolo limabwerera theka. Posakhalitsa ya kumanzere inayasamula kukamwa, chidendene chokha n'chimene chinagwira. Ndinavula tayi yofiira ija n'kuimanga nayo. Mayi a Tadala anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Anati akutsokomola.

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tinafika pa sitepe ina yaitali, yofika m'bondo. Munthu wanzeru akanatula katundu, kukwera, kenako n'kumukoka. Ine ndinafuna kuonetsa Udedza. Ndinakweza mwendo ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndinamva phokoso lakuti phwee! Thalauza linang'ambika kuchokera kumbuyo kwa lamba mpaka kutsogolo. Mphepo ya kuphiri inalowa mosagogoda. Ndinakhala pansi pa kulabokosi msangamsanga, miyendo pamodzi ngati mkwatibwi.

Nthawi yomweyo anthu otsika ankauza okwera kuti afulumire, sinowo yayamba kusungunuka, ikafika masana sikhalaponso. Tinali tisanafike ndi theka lomwe.

Mayi a Tadala anayang'ana kumwamba kumene kunali mtambo, kenako anayang'ana ine. "Basi, tiyeni tizibwerera," anatero. Mawu ake anali omwe aja a shuga watha. Pamenepo mantha anandigwira enieni, oposa a thalauza. Ndinaona kuti tikatsika limodzi, lonjezo ili likhala ngati ena onse aja, ndipo sadzandiyankhanso ngakhale "chabwino".

"Pitani nokha," ndinatero. "Ine ndikudikirani pano."

Tsono mwambo wa kwathu mumaudziwa. Munthu akakupatsa chinthu chotere umayamba wakana kawiri: ayi sindingakusiyeni, ayi tabwera limodzi. Ine ndinali nditakonzeka kale kuwakakamiza kachitatu, mwaulemu wa mwamuna wodzipereka. Mkazi wanga sanakane ngakhale kamodzi. Anangomanga zipi ya jekete, "Tiyi ali m'fulasikimo," n'kunyamuka. Sanacheuke.

Ndinakhala pa bokosi lija maola atatu. Kuimirira sindikanatha, poti njira ndi imodzi ndipo anthu sankatha. Kuzizira kutandilowa m'mafupa ndinatulutsa nsalu ya patebulo n'kuifunda. Kuti nditsegule bokosi ndinkayenera kudzuka kaye, ndiye ndinkadikira pakhale popanda munthu, kudzuka, kutola mwendo wa nkhuku, n'kukhalanso. Taganizani bambo wa suti, wofunda maluwa, nsapato yomanga ndi tayi, akudya nkhuku pambale ya alendo pakati pa phiri. Ena ankandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ngati mmene timachitira ndi munthu amene mutu sukuyenda bwino. Gogo uja anandipezanso akutsika. Anangolandira ndasi limodzi n'kundisisita paphewa.

Mkazi wanga anatulukira dzuwa litapendeka. Ndinamuzindikira mochedwa, chifukwa ankatsika ngati mtsikana, masaya ali gwaa ndi mphepo, maso ofiira.

"Sinowo munaipeza?"

"Pang'ono. M'mipata ya miyala, ngati ufa wotayikira pamphasa. Ndinaigwira."

"Chithunzi?"

"Sindinajambule."

Ndinakhumudwa. Ulendo wonsewu, suti yonseyi, popanda choonetsa azakhali! Ndinayamba kupepesa kuti ndawaonongera tsiku, kuti anakafika okha ngati wamasiye. Anandidula.

"Bambo a Tadala, mukudziwa kuti maola atatu amenewa palibe amene anandiitana? Palibe belu la wodwala. Palibe 'Mum, Mum'. Palibe 'mayi a Tadala, masokosi anga ali kuti'. Ndinakhala pamwala ndekhandekha, ndinalira mpaka kukhuta. Chiyambire mliriwu ndinali ndisanapeze polirira." Anapukuta mphuno, n'kundigwira dzanja. "Lonjezo ili lokha ndiye mwakwaniritsa. Zikomo."

Ndinasangalala, inde, koma kunali kusangalala kowawa, poti pa mndandanda wa anthu owatopetsa ndinadzimva ndekha ndili pa nambala yachitatu.

Tinatsika ine nditamanga nsalu ya maluwa m'chiuno ngati chitenje, iwo atasenza kulabokosi pamutu, osagwirira n'komwe, azungu akuwapatukira njira mwaulemu.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mkazi wanga akusowa malo okongola oti ndimutengereko. Sindinaganizepo kuti angasowe malo opanda ine. Masiku ano kamodzi pamwezi amadzuka Loweruka n'kupita kukayenda m'timapiri ta kummawa kwa Perth, ine n'kutsala ndi ana. Mwezi watha ndinagula nsapato za jombo, zenizeni, ndipo ndinawafunsa ngati ndingapite nawo. Anaziyamikira kuti n'zabwino kwambiri. Kenako anandiyang'ana mwachikondi ndithu, n'kunena kuti, "Ayi."