Khoma la Malemu Merle

M'tauni yathu ya Holt Lake munalibe munthu wodziwa penti wa nevibuluu, buluu woderapo uja, kuposa malemu Merle Tollefson, ndipo munalibenso munthu amene anapaka penti wochepa kuposa iwo. Mkuluyu ankatha kukuimitsa pamsewu, chipale chofewa chikukuwaza kumaso, n'kukufotokozera kuti jekete lakolo si nevibuluu koma buluu wamba amene wangoda ndi litsiro. Koma pabalaza pawo pokha, chipinda chimodzi, panawakanika mpaka kulowa m'manda. Anthu pano amawakumbukira akuseka. Akazi awo, mayi Ardis, sankaseka nawo, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Zinayamba chaka chimene a Merle anapuma pa ntchito yoyendetsa chigalimoto chokankha chipale m'misewu. Mwamuna wopuma ntchito ali ngati mpando wowonjezera m'nyumba, umangopunthwa naye. Pofuna kuwapezera chochita, mayi Ardis anati:

"Iwe Merle, m'malo mondilondola m'khitchini ngati mphaka, kapake penti pabalaza. Ndikufuna nevibuluu. Pofika Tsiku Lothokoza ukhale utamaliza."

Walira mvula walira matope. Tsiku Lothokoza, chikondwerero cha mu Novembala, kwa mayi Ardis silinali lamasewera. Chaka ndi chaka banja lonse linkadyera pabalaza pomwepo, ana, zidzukulu, azilamu, ndipo nkhukundembo imene iwo ankawotcha inkakambidwa mpaka Khirisimasi. Ulemu wawo wonse unali pa tebulo limenelo.

A Merle anayamba bwino, tisaname. Anachotsa makatani, anafunditsa mipando nsalu zakale, tebulo lodyera lija n'kulitsitsira m'chipinda chapansi. Kenako anapita kusitolo ya Duane n'kubwerako ndi kachitini kongokwana m'dzanja, kaja amagulitsa kuti munthu ayambe wayesa. Anapaka kachigamba pakhoma, anakokera mpando pakati pa chipinda, anakhala.

"Ukudikira chiyani?" anafunsa mayi Ardis tsiku lotsatira.

"Penti aume."

"Anauma dzulo!"

"Ndikufuna ndimuone dzuwa likapendeka. Penti ndi wabodza, Ardis. M'mawa amanena zina, masana zina."

Dzuwa litapendeka, anagamula kuti pentiyo akulowera ku pepo. Kachitini kachiwiri kanali ka girini, kachitatu kakuda ngati kumaliro, kachinayi kotumbuluka. Tsiku Lothokoza linapeza khoma lili mawangamawanga, tebulo likadali pansi. Apa ndi pamene Verna, mchemwali wa a Merle, anaimba foni, mawu ake otsekemera ngati manyuchi.

"Usadzivute, Ardis wanga, bwerani mudzadyere kuno. Chaka chino chokha, mpaka Merle amalize."

Chaka chino chokha! Zidzukulu zinamera mano, zinagweluka, zinayamba kuyendetsa galimoto, zikudyabe nkhukundembo ya Verna, youma ngati chikwama chachikopa. Mayi Ardis ankafika kumeneko ndi kambale ka saladi ngati mlendo, n'kupatsidwa malo pafupi ndi chitseko pamene pamalowa mphepo. Ankatafuna akukukuta mano, maso ali pa amuna awo, amene nthawi imeneyo anali kalikiliki kuyang'anitsitsa makatani a eni nyumba.

Kunja nako a Merle ankachititsa manyazi. M'thumba mwawo simunkasowa timakadi toonetsa mitundu ya penti. Wapolisi wina atawaimitsa chifukwa choyenda mwaulesi pamsewu waukulu, iwo m'malo motulutsa laisensi anasanjika kakadi pa malaya ake.

"Mwana wanga, yunifolomu iyi anakunamiza. Iyi ndi girini."

"Bambo, ndati laisensi."

"Tatembenuka pang'ono uyang'ane kudzuwa."

Pa maliro a Stig Ostby, mnzawo wa pantchito, mzere woona nkhope unangoima osasuntha. A Merle anali ataweramira m'bokosi, kakadi pa suti ya malemu, akupukusa mutu. Mayi Ardis anawagwira chikhotho n'kuwakokera panja pamaso pa abusa.

"Munthu wabwino ngati Stig, kumugoneka mu pepo," anadandaula a Merle m'galimoto.

"Iwe ndidzakugoneka m'nsalu zofunditsa mipando zija. Yendetsa!"

Ndionetsetse anathetsa nkhosa, koma uyu anathetsa zaka. Masana aliwonse mayi Ardis ankabweretsa khofi, n'kuima kumbuyo kwa mpando uja, manja m'chiuno, akulalata molunjika khoma pakuti mwini wake sankacheuka.

"Onsewa ndi penti mmodzi, Merle. Ngakhale wakhungu akhoza kusankha."

"Dikira, taona wapakatiyo mmene akusinthira."

"Chikusintha ndi mutu wakowo."

Loweruka lina a Merle atapita kukawedza pa nyanja youma ndi chisanu, mayi Ardis anaganiza zowayalutsa. Anatola kachitini kamodzi pa mulu n'kupaka pamwamba pa chigamba cha pafupi ndi windo, bwinobwino, osataya ngakhale dontho. A Merle atabwera anaima pakhomo, nsapato zisanavulidwe, nsomba zili m'manja.

"Ndani wakhudza wa pawindoyo?"

"Wakhudza chiyani?"

"Wamupaka wa pansi uja pamwamba pake! Ardis, wandibweza m'mbuyo chilimwe chonse!"

Chimene chinawawawa koposa mayi Ardis n'chakuti wamisalayo analondola. Mtima unawapsa.

"Ndiye ngati maso uli nawo, sankha! Sankha mmodzi, undibwezere tebulo langa ndisanafe!"

"Ndatsala pang'ono. Atsala atatu okha."

Atatuwo anaberekana.

A Merle anatisiya m'mwezi wa Okutobala, ali pampando womwewo. Mayi Ardis anabweretsa khofi monga mwa masiku onse, n'kuyamba kulalata za Verna, amene anali ataimba kale foni ya chaka chimenecho. Kusayankhidwa sikunawadabwitse, poti anali atazolowera kulankhula ndi nkhongo. Analalata mpaka khofi anazizira, ndiye pamene anawagwira paphewa. Adokotala anati ndi mtima. Mayi Ardis anauza amayi a kutchalitchi kuti mtimawo unangotengera mwini wake, unaima kuti uonetsetse.

Duane analira pamaliropo kuposa abale, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa: timazitini tija tinamumangira garaja. Masiku ano apolisi amayenda momasuka, malemu amagonekedwa mu suti iliyonse popanda wowafunsa, ndipo nyumba za mumsewu mwathu anthu akupaka mitundu yoti a Merle akanakomoka nayo. Kungoti ukagula jekete latsopano n'kutuluka nalo, palibenso amene amaliyang'ana kawiri.

Maliro atangotha, mayi Ardis anaimbira Verna.

"Chaka chino mudyera kuno."

"Koma Ardis, khoma lija..."

"Ndati kuno."

Sabata yotsatira Paula, mwana wawo wamkazi, anafika ndi mwamuna wake Curt, atanyamula mabulashi ndi makwerero.

"Amayi, tangolozani mmodzi tikagule chitini chachikulu. Pofika madzulo tikhala tatha."

"Aliyense. Onsewa ndi amodzi."

Curt analoza wa pafupi ndi chitseko. "Ndiye uyu."

"Uyo ayi, dzuwa likapendeka amalowera ku pepo."

"Nanga uyu?"

"Wa girini ameneyo, sukuona? Maso unawasiya m'galimoto?"

Paula anatsitsa bulashi pang'onopang'ono n'kuyang'ana mayi ake. Mayi Ardis anamva mawu awo omwe akubwerera m'makutu, ndipo anazindikira zimene zaka zonse zija zoima kumbuyo kwa mpando zinawachita. Munthu uja anapita osawasiyira khoma, koma maso ake anawasiyira. Chisoni chimene anachikana kumanda chinawapeza pomwepo, chitasakanikirana ndi mkwiyo.

"Chitsiru chija," anatero akupukuta misozi ndi nsalu yofunditsa mpando. "Curt, kakwezeni tebulo. Khomalo musalikhudze."

Tsiku Lothokoza banja lonse linadzaza pabalaza, m'munsi mwa zigamba za a Merle. Nkhukundembo inafika patebulo ikufuka nthunzi, yofiira bwino, mafuta akutsetsereka, ndipo zidzukulu zinameza mate. Verna, amene anapatsidwa malo pafupi ndi chitseko, anaimirira n'kumwaza maso pakhoma, milomo itapindika.

"Mchimwene wanga, Mulungu amulandire, anataya moyo pachabe. Onsewatu ndi penti mmodzi."

Mayi Ardis anali atanyamula kale mpeni, mpeni umene anaudikira zaka zonsezi. Anasuzumira pawindo, n'kuubwezera patebulo.

"Khala pansi, Verna, mutu wakowo ukutchinga. Dzuwa latsala pang'ono kufika."

"Agogo, nanga nyamayi?"

"Idikire."

Ndipo nkhukundembo yabwino koposa m'Holt Lake monse inazizira m'mbale, banja lonse likuyang'ana khoma.