Chitenje cha adada chinasanduka mbereko

Anzanga, amene akukuuzani kuti ndinapita kukapereka mphatso kwa khansala akunama. Ine ndinapita kukabweza chitenje, basi, ndi kukatula mawu amene ankandiwotcha m'mimba.

Adada anamwalira mvula ili pakati. Ine n'kuti nditangobwera kumene kuchokera ku esiteti ya fodya kudzawadwazika, za m'mudzi sindinkazidziwa. Chifuwa chinawathina m'mawa, pikapu tinaiitana, koma kamtsinje kathu kaja kanali katasefukira, galimoto tsidya ilo ife tsidya lino, dalaivala akungoliza hutala ngati madzi amamva. Mmene madzi amaphwera, adada anali atapita. Mlatho wa pamenepo ndi umene a nyaHara, mayi amene ndi khansala wathu, analonjeza pa kampeni, ndipo amene ankawaperekeza mudzi ndi mudzi pa njinga anali adada omwewo. Chimene anapatsidwa ndi chitenje chimodzi cha nkhope ya a nyaHara. Koma ankachikonda mdala uja! Ngakhale podwala ankafunda chomwecho.

Pamaliro anthu anabwera, kudya anadya, mbuzi inatha tisanapite ndi kumanda komwe. Khansala osaoneka. M'malo mwake kunaimirira mkulu wina wa komiti ya chitukuko, wa jekete yothina, n'kunena kuti, "A khansala apepesa chomene, ali pa tchuthi." Tchuthi! Tinamuvotera kuti adzapume? Adada ali m'bokosi, iye mwina ali kumalo oonera nyama ku Chelinda akujambula mbidzi? Kuti ndi tchuthi cha chiyani sindinafunse. Ndikanafunsa ndani, poti aliyense pamalo paja ndinali nditamuda?

Titameta, patatha masabata awiri, ndinalemba mawu anga papepala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 koma kutukwana mwaulemu ndimatha. Chitenje ndinachipinda bwinobwino, m'jumbo, n'kukwera pikapu ya ku Bolero, kwa apongozi a khansala kumene ndinamva kuti akukhala. Njira yonse ndikuloweza. Pulani inali yoti ndikachiponye pamapazi pawo n'kunena kuti, "Nayi nkhope yanu, ife yatikwana."

Ndikufika, ndinapeza azimayi adzaza pakhonde, ena ndi mabeseni a ufa, ena ndi sopo. Munthu wanzeru akanaima kaye n'kuganiza. Ine ndinati eya, mboni zachuluka, amve onse. Ndi odi yemwe sindinanene. Ndinasolola chitenje, kuchikweza m'mwamba kuti ndichimenyetse pansi, ndiye mayi wina wojintcha, amene kenako ndinadziwa kuti ndi apongozi ajawo, anachiwakha m'malere.

"Taonani mwanalume uyu, inu! Amuna anzake akubwera chimanjamanja, iye wabweretsa mbereko!"

Nthungululu khonde lonse.

"Ayi amama, si choncho..."

"Yewo chomene, adada, yewo! Lowani mukamuone mlendo."

Anandikankhira m'nyumba, kundikhazika pampando, ndisanapise ndi dzanja lomwe m'thumba kuti nditulutse pepala lija, ndinangoona kamwana kofiira kali pamiyendo panga, katakulungidwa kale m'chitenje cha adada. Inu munayesapo kukalipira munthu mutanyamula khanda? Mawu amatuluka ngati ukupempherera chakudya.

A nyaHara anali pamatiresi pansi, nkhope yotupa, yosafanana n'komwe ndi ya pachitenje. Anayang'ana mutu wanga wometa, n'kuyang'ana chitenje, ndipo ndinaona kuti achizindikira.

"Ndinu a Vitumbiko, mwana wa a Mhango. Pepani chomene. Tsiku limene munkaika adada, ine kamtsinje komweko ndinkawoloka pachitseko, amuna anayi atandinyamula, mwana uyu ali panjira."

Ndinayang'ana kamwana kaja, iwo n'kupitiriza.

"Tchuthi chomwechi ndachita kuchimenyera nkhondo. Ena akuti ngati ndikufuna kuyamwitsa ndingotula pansi udindo, mpando si wa anakubala."

Pamenepo ndinasonkhanitsa kamphamvu kotsala, ndinati ndinene ngakhale chiganizo chimodzi cha papepala paja, adada asandiseke kumene ali. Chimene chinatuluka ndi kamawu konong'ona: "Nanga mlatho?"

Asanayankhe ndinamva kutentha pantchafu. Kamwana kaja kanali katamasula, kudutsa chitenje, kudutsa buluku, mpaka m'thumba momwe munali pepala langa. Apongozi kuwomba m'manja. "Wakudalitsani! Sakodzera aliyense ameneyu!" Azimayi kuseka mpaka kugwirana. Panja nditalitulutsa pepala lija, inki inali itayenderera, mawu onse a masabata awiri asanduka phala.

Kunyumba amama anandifunsa kuti chitenje cha adada chili kuti, ankafuna azichiika kumutu kwa bedi poti chinali chikadali ndi fungo lawo. Ndikanati chiyani? Kuti ndinakachikodzetsa ku Bolero?

Lero mlatho kulibe. A nyaHara anabwerera kuntchito, akuti nkhaniyo akuikankha, ine ndimangomva. Mkulu wa jekete uja akudyabe mbuzi pamaliro a anthu. Mwana wawo anawoloka, adada anga sanawoloke, ndipo ndikafuna womukwiyira ndimangoona kankhope kofiira kaja. Ndikadutsa pa Bolero azimayi amakuwa, "Amalume a mbereko, bwerani mumuone, wayamba kukwawa!" ndipo ine, chitsiru, ndimapita.

Ndinalumbira pamanda a adada. Ndikadzakwiyanso ndidzayamba ndafunsa kuti tchuthicho n'cha chiyani, ndipo kokakalipa ndizipita chimanjamanja ngati amuna anzanga.