Kodi Mzungu Uja Anabwerera kwa Mkazi Wake?

Lolemba
Mwezi wachitatu uno atate a Lute sanabwere. Anapita ndi lole ku Dalesalamu. Kalata palibe. Mtima suli m'malo. Lero ndamva kuti baisikopo ija tinaonera tili pachibwenzi yabweranso ku holo ya ku Matero! Ya mzungu wokwatira amene akumana ndi mkazi wina pa siteshoni m'dziko la eni, mvula ili kugwa, onse ndwii ngati ali pamaliro. Mathero sindinawaone. Atate a Lute anandigwira dzanja, ine manyazi, maso pansi mpaka magetsi kuyaka. Ndiyenera kudziwa ngati mzunguyo anabwerera kwawo. Ngati anabwerera, anganso abwera.

Lachiwiri
Zofunika:
diresi yachikasu
wondisungira Lute
bodza louza azimayi a pampopi
Ndapempha ba Mulenga a khomo loyandikana. Iwo: "Mukazi wa munthu ku baisikopo? Weka? Iwe!" Chatheka ndi diresi basi.

Lachitatu
Lute kumbuyo, wapansi kuchokera kwathu ku komboni ya George, dzuwa lili phwee. Wapakhomo wandikaniza kulowa: "Bana sibangena, mayo." Ndabwerera. Diresi si yachikasunso.

Lachinayi
Nzeru! Ndam'manga Lute pamimba, chitenje pamwamba. Ndalowa ngati wapakati, amuna mpaka kundipatsa malo. Baisikopoyi anthu ake salankhula, amangoyang'ana pawindo. Holo yonse zii. Mzungu wanyamula sutikesi, mkazi wagwira chipewa, pomwepo mimba yanga yayamba kulira! Wina kumbuyo: "Yabadwa!" Anditulutsa. Sutikesi ija sindikudziwa inalowera kuti.

Lachisanu
Mayo ine! Wina anandiona dzulo. George yonse akuti ndili ndi mimba yaikulu, mwamuna kulibe. Ba Mulenga: "Tiuzeni chabe, ni ya bandani?" Zikawafika atate a Lute panjira, adzabwereranji? Ndatunga madzi kasanu, chitenje chomanga kwambiri, kuti onse aone kuti ndili pyapyapya. Kenako ndawauza ba Mulenga zoona zonse. Aseka mpaka kukhala pansi, kenako asiya kuseka. "Mailo musiye mwana kuno." Ndiye kuti mawa wondisungira Lute alipo.

Loweruka
Ndekha, manja lendelende, ndafika msanga. Baisikopo ija ayichotsa! Akuti amuna anali kuimba mluzu, afuna ya nkhonya. Ndafunsa bambo woyendetsa makina mmene imathera. "Mayo, mupukutu wosiliza unasalila ku Kabwe. Akanyamula sutikesi ise tiyasha chabe malaiti. Ndimwe boyamba kufunsa."
Ndiye kuti mathero ake sanafike kuno, Lachinayi ndinaona yonse imene ilipo.

Lamulungu
Kutchalitchi amayi awiri andiyang'ana pamimba, osati kumaso. Masana lole yalira kumsewu, ndathamanga ndi sopo m'manja. Ya makala.
Basi. Diresi ndachapa, ndapinda. Mzungu akadali pa siteshoni ndi sutikesi yake. Mkazi wake wa kwawo, baisikopo sinamuonetse ngakhale kamodzi. Kaya mayiyo ali naye womusungira mwana.