A Wilibala ndi Moto wa Ndowe

Kukangoyamba kuyera, anthu ena asanapeze n'komwe nsapato zawo, a Wilibala amakhala atatuluka kale kukasaka ndowe. Inde, ndowe. Munthu wamkulu, wa imvi zake, tayi ili pakhosi, majombo kumiyendo, fosholo itagona m'wilibala ngati mwana. Tayala lake linkalira kwii, kwii, moti a mumsewu mwathu analeka kudalira tambala. Ankayambira kophera ng'ombe, n'kudutsira kukhola la nkhumba za abusa, n'kumalizira kumsika kumene ankatola makoko a nthochi ndi masamba ofota. Moni wawo sunali wa anthu ayi.

"Nanga ng'ombe zagona bwanji? M'mimba muli bwinobwino?"

"Zagona bwino, madala. Ifenso tagona bwino, ngakhale simunafunse."

"Inu mulibe phindu," ankayankha choncho, fosholo ili kale pantchito.

Kale anali pulambala. Atapuma pantchito anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, n'kumangamo chithanki chotsekeka, n'kutulutsamo paipi yolowa m'khitchini. Ndowe zikaola m'menemo zinkatulutsa gasi, ndipo gasiyo ankayaka pa chitofu ndi lawi la buluu, lopanda utsi ngakhale pang'ono. Chithankicho anachitcha Mlamu. Ankati chimafanana ndi mchimwene wa akazi awo, amene ankafika pakhomopo nthawi ya chakudya yokha.

"Onse awiri amadya tsiku ndi tsiku, onse awiri amageya. Koma wa kuseriyu kugeya kwake kumawiritsa madzi."

Mlamu weniweniyo ankangoseka n'kupempha kuti amuwonjezere nyemba.

Amene sankaseka ndi akazi awo. Mayiwa ankagulitsa tiyi m'shedi ya kumsika, mmene amayi ambiri ankaphikira pa nkhuni ndi pa mbaula, utsi uli tolotolo mpaka kudenga. Anakalambiramo m'shedimo, ndipo chifuwa chawo chinayamba kulira ngati chitseko chakale. Anamwino anawauza mosabisa kuti akapitiriza kupuma utsi, mapapo awo sapita nawo patali. A Wilibala anali pomwepo, chipewa chili m'manja, ndipo anatuluka m'chipatalamo ngati munthu amene wapatsidwa nkhondo.

"Mayi, mwamva nokha. Moto wanga uja ulibe utsi."

"Ulibe utsi, koma kwawo ndikukudziwa."

"Moto ulibe kwawo."

"Uwu uli nako. Ndimakuona m'mawa uliwonse m'wilibala."

Musawaweruze msanga mayiwa. Chiyambireni amuna awo ntchito imeneyi, iwo ndiwo ankasenza manyazi. Kumsika anthu ankanunkhiza kapu asanamwe. Kutchalitchi, Ambuye atikhululukire, benchi yawo inkakhala ndi malo ambiri kuposa ena onse. Tsono analumbira mumtima kuti ketulo yawo sidzakhala pa moto umenewo, ngakhale dziko lonse litaphikirapo. Pakhomopo panali makhitchini awiri. Abambo ankawiritsa tiyi wawo m'nyumba akuimba nyimbo, amayi ankakupiza mbaula pakhonde akutsokomola.

A Wilibala anaganiza mwa upulambala. Madzi akakana kudutsa apa, umawatsekera kwina konse mpaka adutse. Ngati shedi yonse ya kumsika itayamba kuphikira gasi, mayi akathawira kuti? Vuto linali lakuti khonsolo inali ndi lamulo loletsa thanki ya zinyalala pafupi ndi malo ophikira. Basi, kuyambira pamenepo panalibenso msonkhano m'tauni umene unatha a Wilibala asanaimike dzanja.

Msonkhano wa katemera wa agalu, iwo anafunsa kuti nanga zotuluka mwa agaluwo zikupita kuti. Msonkhano wa makolo kusukulu, iwo analipo, chonsecho ana awo anali ndi ndevu kale. Paukwati wa mwana wa telala anapatsidwa mpata wolangiza akwati, ndipo anawalangiza kuti asanagule bedi ayambe akumba dzenje. Abusa analakwitsa kamodzi kuwapatsa pemphero lotsekera.

"Atate, munatipatsa ng'ombe ndi mphatso zitatu. Mkaka timamwa, nyama timadya, koma yachitatu timangoiponda n'kutukwana. Tsegulani maso a makhansala athu, ndipo mukatha mutsegulenso mphuno za ena amene sindiwatchula, ali kumbali ya amayi."

Ameni wa tsiku limenelo anamveka ngati anthu akutsamwa. Akazi awo anatulukira khomo lakumbuyo, ndipo sabata yonse anawayankhula kudzera mwa mphaka.

"Pusi, kawauze abambo ako kuti madzi osamba ali kubafa. Asambe kawiri."

Makhansala ankawadziwa bwino. Akangowaona pageti, wapampando ankalamula kuti nthawi ya mafunso ichotsedwe. Ndiye tsiku lina a Wilibala anabwera opanda funso. Anadzaza gasi m'chubu cha thirakitala, n'kuchimangirira panjinga pamodzi ndi kachitofu ndi makapu. Chubucho chinali chitafufuma moti iwo sankaoneka, ankangooneka majombo akupalasa. Mlonda wa pageti anabisala kuseri kwa mtengo wa mbendera.

"Madala, chimenecho chiphulika?"

"Chikaphulika mudziwa ndi mphuno, simufa ayi. Tsegulani."

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo makhansala anali atakhala pamsonkhano kukhosi kuli gwa. A Wilibala anayatsa kachitofu pakhonde, n'kuwiritsa tiyi wamkaka, n'kumupereka mwaulemu wonse, akugwada pang'ono. Mabwana anamwa. Wapampando anapempha kapu yachiwiri, n'kunena kuti nzika zotere n'zimene zimafunika.

"Gasi ameneyu mumagula kuti, madala?"

"Sindigula, bwana. Ng'ombe zimandipatsa."

Wapampando anayang'ana m'kapu. "Zimakupatsani bwanji?"

"Mmene zimaperekera, bwana. Chakumbuyo."

Khansala wina anaika kapu pansi pang'onopang'ono ngati muli njoka.

"Ng'ombe zokha?" anafunsa wapampando ndi mawu a munthu wopempha chifundo.

"Kwambiri ng'ombe. Nkhumba za abusa zinangothandizako."

Nkhani yosintha lamulo lija anaitumiza ku komiti ya zaumoyo. A zaumoyo anati ndi ya komiti ya msika. A msika anati ndi ya ozimitsa moto, ndipo ozimitsa moto anati iwo amabwera moto ukayaka, usanayake si zawo. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Chifuwa cha mayi chinkaipiraipira. Anayamba kupumira panjira popita kumsika, atatsamira mpanda wa sukulu, akunamizira kukonza mpango. Ankadziwa kuti amuna awo akuwaona ali chapatali ndi wilibala yawo, ndipo zimenezo zinkawakwiyitsa kuposa chifuwacho.

A Wilibala anasiya mabwana n'kupita kwa eni utsi. Analowa m'shedi muja masana, anakwera pa benchi, n'kupukuta lata la kudenga ndi kansalu koyera. Kanatsika kali bii.

"Amayi, lata ili silipuma. Inu mumapuma. Ndiye m'kati mwanumo muli bwanji?"

Mayi wina wokazinga nsomba, wa mawu ngati a bambo, anayang'ana kansaluko nthawi yaitali.

"A Ndowe inu, mwayamba liti kuyankhula zanzeru?"

Mayi ameneyo ndiye anasonkhanitsa anzake. Anagwirizana zopita kukhonsolo onse, aliyense atasenza poto wake wakuda kwambiri, osatsuka. Akazi a a Wilibala anakana. Anati iwo ali ndi makasitomala, alibe nthawi yoguba ndi amisala. Koma m'mawa wa tsikulo atafika pamalo pawo anapeza ketulo yawo yaikulu palibe. Sanafunse munthu. Anamanga mpango n'kuuyamba ulendo.

Anakapeza holo itadzaza, mapoto ali ndandanda patebulo la mabwana, mwaye utadetsa kale nsalu yoyera ndi mkono wa malaya a wapampando. Amuna awo anali kutsogolo, atanyamula ketulo ija m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Taonani, mabwana! Iyi ndi ya munthu amene ndimamudziwa bwino."

"Abambo inu! Bweretsani ketulo yanga, wakuba opanda manyazi!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mayi anadutsa pakati pawo, anagwira chogwirira cha ketulo, natsegula pakamwa kuti amalize zimene anayamba. Mawu sanatuluke. Chinatuluka ndi chifuwa. Anali atayenda mothamanga, ndipo chinawagwira mmene chinali chisanawagwirirepo pagulu. Anawerama, dzanja lina patebulo la mabwana, akukoka mpweya umene sunkabwera. Kuseka kuja kunazima. M'holo monse munkangomveka chifuwacho, ndipo amayi a m'shedi anaweramitsa mitu, chifukwa aliyense ankachidziwa, ena anali nacho chawo. Khansala wina wamayi anabweretsa madzi. A Wilibala anaika ketulo pansi, tayi itapindika, osadziwa poika manja.

Lamulo lija linasinthidwa mwezi womwewo. Mayi sanawakhululukire.

"Munandiimika pamaso pa anthu ngati mbuzi ya pamsika."

"Munabwera nokha, mayi."

"Ndinabwerera ketulo."

Thanki yaikulu inamangidwa kuseri kwa msika, mapaipi n'kulowa m'shedi. A Wilibala ankayang'anira ntchitoyo popanda wowatuma, akukangana ndi amisiri pa mfundo iliyonse ya paipi. Tsiku lotsegulira, wapampando anadula riboni atatseka mphuno ndi kansalu, ngakhale panalibe fungo lililonse. Malawi a buluu anayaka mzere wonse. Amayi anaombera m'manja, wokazinga nsomba uja anawanyamula a Wilibala m'mwamba ngati thumba la chinangwa chouma, majombo akupalasa m'malere. Atawatsitsa, a Wilibala anayang'ana pamalo pa akazi awo. Panali chitofu chatsopano, chopanda ketulo. Mayi anali atasamutsa mbaula yawo n'kukaiika panja, kuseri kwa khoma, ndipo anali kukupiza makala atatembenukira kumsewu.

Munthu amene anagonjetsa khonsolo yonse ndi makomiti ake anakaima pafupi ndi mbaulayo.

"Mayi, ndigulitseni tiyi."

"Kamwereni kwa akazi anu a m'shedi."

Anawathirirabe, n'kuwaikira shuga wambiri mmene ankakondera.

Tonse tinkaganiza kuti adzatsogola ndi mayi. Mulungu ali ndi dongosolo lake. A Wilibala anagwa m'mawa wina kophera ng'ombe, fosholo ili m'manja, ndipo anagona m'chipatala masiku owerengeka okha. Pamaliro wapampando ananena kuti ganizo la gasi wa kumsika linabadwira mu ofesi mwake. Wokazinga nsomba anatsokomola mokweza mpaka bwanayo anakhala pansi.

Tsopano mumsewu mwathu anthu amachedwa kudzuka. Misonkhano imatha pa nthawi yake, ndipo anthu amatuluka akuyasamula. Abusa amapereka pemphero lotsekera kwa aliyense mopanda mantha. Thanki ya kumsika amayi amaidyetsa mosinthana, ndipo denga la shedi analitsuka, likuoneka kuti ndi lata. Ya kunyumba ija amaidyetsa ndi mlamu weniweni uja, amene palibe anamuonapo atagwira fosholo chibadwire. Amati sangasiye mnzake wa dzina afe ndi njala. Kungoti anathira mafuta tayala la wilibala, ndiye amadutsa mwakachetechete ngati wakuba. Choncho gasi akadalipo m'nyumbamo. Chitofu chili pamalo pake, mayi amachipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo bokosi la machesi lili pambali pake.

Iwo amaphikabe pakhonde. Chifuwa chakula, kumsika amapita mwa apo ndi apo. Anzawo a kutchalitchi akawauza kuti alowe m'nyumba aphikire pa chitofu, amayankha kuti makala atsala pang'ono, awamalize kaye. Makalawo sakutha.

Anaulula kwa mnzawo mmodzi yekha, tsiku lina akusankha nyemba, zimene zinachitika kuchipatala. Anali atabweretsa tiyi m'fulasiki. Abambo anamwako pang'ono, n'kunena kuti akumveka utsi, koma ndi wokoma. Kenaka anawagwira dzanja, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Mayi, ine khonsolo sindinkaifuna. Ndinkafuna inu muzipuma. Mukadzakhala nokha m'nyumba, mudzatseke chitseko, palibe adzaone, palibe adzaseke, ngakhale ine sindidzakhalapo kuti ndinene kuti ndinanena. Mudzayatse kamodzi kokha. Mudzayatsa?"

Mayi anawakonzera bulangete kumapazi, n'kupita kukatsuka kapu.