Mpeni wa Che Bwanali ndinaupeza ndi chidendene

Mukandiona ndikutsimphina pa Kachulu m'miyezi yozizira, musandifunse chinavuta n'chiyani, chifukwa ndikakukhazikani pansi simuchoka msanga. Nkhaniyi ili ndi manyazi ake, koma ine ndimainena monyadira, moti mayi a kunyumba anatopa nayo kalekale.

Ntchito yanga ndi yong'amba ndi kuwamba milamba n'kukagulitsa ku Zomba, choncho mpeni suchoka m'manja mwanga. Koma kunena zoona, chikondi changa pa mipeni chinapitirira za ntchito. Amuna ena amakonda mpira, ena bawo, ine mipeni yopinda. Tilipo anayi a matenda amenewa padoko pathu. Maboti akachedwa kubwera timaunjikana pa foni imodzi n'kumaonera mipeni imene amisiri akunja akukonza, yoti sinayambe n'komwe kugulitsidwa. Timakangana mpaka thukuta ngati tikaigula mawa: uwu chigwiriro n'chachifupi, uwu loko yake ndi yabodza, uwu ukadzatuluka dziko lidzagwedezeka. (Palibe mwa ife amene anagwirapo ngakhale umodzi.)

Ndiye pali Che Bwanali, mmisiri wosula zitsulo kwathu kwa Mwambo, bambo wosalankhulalankhula amene amasula zikwanje, makasu ndi mipeni ya kukhitchini. Tsiku lina ndinawaonetsa kanema wa mpeni wina wopinda umene tinkaudikirira. Anaonera katatu, n'kundibwezera foni. Patatha miyezi isanu ndi umodzi anandiitanitsa.

Abale anga, anali atausula mpeni uja. Chitsulo anadula ku sowo yakale yochekera matabwa, chigwiriro cha mlombwa, chosalala bwinobwino. Ukautsegula unkalira kuti khe! n'kukhazikika osagwedera ngakhale pang'ono. Wopangidwa kwathu konkuno, pansi pa mtengo wa mango, ndi tupa ndi nyundo basi.

"Iyi ndi sampulo," anatero Che Bwanali. "Ilipo imodzi yokhayi, ndipo ine sindijambula papepala, miyeso yonse ili pompa. Kagwiritseni ntchito sabata imodzi, muone ngati ukubuntha msanga. Koma achimwene, kamsomali kogwira chitsuloka n'kongoyembekezera, ndi sipoko ya njinga, sindinakhomerere. Muzitsegula ndi manja awiri, pang'onopang'ono. Ndipo anthu asauone kaye."

"Musadandaule, Che Bwanali," ndinayankha. "Mwapatsa munthu wodziwa."

Mawu onse aja ndinawamva, sindinganame. Kungoti maso anali pa mpeni.

Masiku atatu ndinapirira. Ndinkang'ambira milamba kuseri kwa nyumba ndili ndekha, ndipo mpeni unkangodutsa, ngakhale pamutu polimba paja. Tsiku lachinayi ndilo linandigwetsa. A Makwinja, mmodzi mwa ife anayi, ali ndi mpeni umene mkamwini wawo anawabweretsera kuchokera ku Joni, ndipo sipadutsa tsiku osautulutsa. M'mawa umenewo tikuonera mipeni yatsopano pafoni, iwo anapukusa mutu.

"Kuno kwathu n'zikwanje basi," anatero. "Zinthu zanzeru ngati izi zimafuna makina. Mmisiri wakumudzi angazione kuti?"

Mtima unandiwawa kwambiri. Mpeni wa Che Bwanali unali m'thumba, ndipo ndinaumva ukunditentha pantchafu. Ndinadziuza kuti ndingowaonetsa chigwiriro chokha. Nditaonetsa chigwiriro ndinati nditsegule kamodzi, ndi manja awiri monga ndinauzidwira. Khe! Onse atatu kukamwa yasa. Asodzi anayamba kuyandikira, amayi oyanika matemba nawo anasiya thandala zawo, ndipo ine poona khamulo ndinakwera pa boti lina limene linali litakocheza kuti aliyense aone bwino. (Apa ndi pamene nzeru zinatsika m'boti n'kundisiya ndekha.)

"Koma a mukanema aja amatsegula ndi dzanja limodzi," anatero a Makwinja.

"Dzanja limodzi? Taonani!"

Ndinagwedeza mkono mwamphamvu, mpeni khe! Anthu anaombera m'manja. Ndinabwereza, khe! Mayi wina mpaka analuluta. Kachitatu ndinati ndionjezere mphamvu kuti a ku chilumba cha Chisi nawo amve. Sindinamve khe. Ndinangoona chinthu chikunyezimira m'mwamba, chikuzungulira, n'kukagwera uko pafupi ndi udzu wa njedza kuti chubwi. M'manja mwanga munatsala chigwiriro cha mlombwa, chosalala bwinobwino.

Padoko ponse kuseka kunaphulika. Ine ndinalumphira m'madzi ndi zovala zomwe. Amene mumadziwa nyanja ya Chilwa mukudziwa kuti madzi ake saonetsa pansi, ndipo pansipo ndi thope lolekeza m'mawondo. Ndinafufuza ndi manja mpaka dzuwa kupendeka, osapeza kanthu. Tsiku lotsatira ndinavala majombo, ndinachotsa maginito m'sipika ya wailesi yathu (mayi a kunyumba anazindikira madzulo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina), n'kumangirira ku nsungwi. Ndinavuula misomali, mbedza, zitsekerero za mabotolo ndi supuni imodzi. Amayi a matemba ankandifunsa ali kumtunda, "Atate, lero mwagwira angati?"

Madzulo ake ndinapalasa njinga kupita kwa Che Bwanali. Ulendo umenewo unanditalikira. Ndinawapatsa chigwiriro ndi manja awiri, ndipo iwo anachitembenuza uku ndi uku.

"Munatsegula ndi manja angati?"

"Limodzi."

"Anthu analipo angati?"

"Doko lonse, Che Bwanali."

Anaika chigwirirocho pa chitsa n'kubwerera ku khasu limene ankasula. Bola akanandikalipira. Munthu anathera miyezi isanu ndi umodzi pa chinthu chimenechi, usiku ndi usana akuchiganizira, n'kuchipereka kwa ine osati kwa wina aliyense, ine n'kukachiponya m'nyanja pofuna kuomberedwa m'manja. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Tsiku lachitatu lofufuza, msodzi wina wachikulire anandiimitsa ndisanalowe m'madzi. "Inu, majombowo akukunamizani," anatero. "Ife chinthu chikagwera m'thope timafuna ndi phazi. Phazi limaona." Ndinavula majombo. Ndinazika nsungwi ziwiri ndipo ndinayamba kuyenda mizere, uku kupita uku kubwera, ngati ndikuwokera mpunga. Mzere woyamba, chigoba cha nkhono. Wachiwiri, palibe. Wachisanu ndi chiwiri ndinamva ngati china chandipsompsona kuchidendene, osapweteka n'komwe. Nditakweza phazi, madzi onse pamenepo anafiira.

Mukuganiza kuti ndinalira? Ndinakuwa ndi chimwemwe, "Ndaupeza! Ndaupeza!" Ndinamira mpaka mutu, n'kutulutsa chitsulo chija. Chinali chitaima m'thope, kukuthwa kuli m'mwamba. Anthu anandikokera kumtunda, wina anandimanga phazi ndi nsalu, a kabaza akuti tiyeni kuchipatala. Ndinakana kukwera. Ndinati a Makwinja abwere kaye. Atabwera ndinatsuka chitsulocho, timadontho ta dzimbiri tiwiri tokha, ndinagwira mkono wawo n'kupalapo kamodzi. Ubweya wonse mbee.

"Masiku atatu m'thope la Chilwa," ndinatero, magazi akudontha. "Wanu wa ku Joni tiuponyemonso tione?"

A Makwinja anangoubisa m'thumba.

Kuchipatala anandisoka ndi kundibaya jakisoni wa kafumbata. Namwino anafunsa chimene chinandicheka, poti bala linali lowongoka bwino, losavuta kusoka. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira sowo mpaka mlombwa, mpaka iye anati, "Bambo, pali odwala ena panja."

Che Bwanali anabwera kudzandizonda patapita masiku awiri. Anayang'ana phazi, anayang'ana chitsulo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuseka mpaka kupukuta misozi. "Ndinati muyese pa mlamba, achimwene, osati pa munthu," anatero. Anatenga chitsulo chawo, anakachibwezera m'chigwiriro ndi msomali weniweni wokhomerera mbali zonse, ndipo anayamba kusula ina potengera womwewo. Lero asodzi ambiri pa Kachulu ali nawo, ena amachita kuchokera ku Songani kudzaufuna. Palibe amene amati mpeni wa Che Bwanali. Onse amati, "Tikufuna Chidendene." Wogula akakayika za kuthwa kwake, amamutumiza kwa ine, ndipo ndimavula nsapato mosanyinyirika.

Mwezi wathawu ndinamva kuti Che Bwanali akukonza wina watsopano, wotsegula pongodina kabatani. Anzanga atatu aja sakugona nawo tulo, ine ndiye musanene. Ndinapita kukawauza Che Bwanali kuti woyesa sampulo alipo kale, asavutike kufuna wina. Anandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu pa zija. Ndinawayankha kuti ndaphunzira zambiri, komanso phazi langa linalo lidakali bwinobwino.