Nyenyezi za Chisilamu ku Lobi

Lolemba
Ku myuziyamu andituma ku sukulu ina ya pulayimale ku Lobi, kukaphunzitsa ana a Sitandade 6 za luso la Chisilamu. Pulani: ana ajambule nyenyezi zolukanalukana ngati za m'makoma a mizikiti, Loweruka makolo adzaone, abwana alandire zithunzi. Zithunzi zikapanda kusangalatsa, pulogalamu ithera pomwepa.
M'bokosi muli matailosi, zilembo za Chiarabu, makampasi, guluu.
Pa Chimbiya kondakitala akuika thumba la kachewere pamwamba pa bokosi. "Sichiphwanyika ichi, madala." Chaphwanyika. Latsala tailosi limodzi.

Lachiwiri
Kuzizira! Pa asembule a hedi, a Kachingwe, akulengeza kuti ndabwera "kudzaphunzitsa Chisilamu." Mawu oti "luso" awameza. Ikamatha buleki, theka la kalasi lathawira kwawo. Otsalawo akujambula mpira ndi makampasi anga. Guluu wasowa.

Lachitatu
Palibe phunziro, kuli msonkhano wa makolo. Mayi wina: "Ndiye mwana wanga asiye nkhumba?" Ndikufotokoza kuti ndabwera ndi mizere ndi ngodya basi. Akatekisiti, a Filipo, akulitembenuza tailosi lija, akuliyang'ana ndi kumbuyo komwe.
"Mulibe mawu obisika umu?"
Mulibe.
"Ndiye n'lokongolatu."
Alitenga kuti akawaonetse abambo mfumu. Tsopano ndilibe tailosi.

Lachinayi
Ana abwerera, ndi ena omwe si a kalasi ino. Kwamveka mphekesera yoti Asilamu amagawa mpunga wa nyama. Mpunga palibe, koma pakuti afika kale, akhala.
Makampasi atsala ochepa, tikuzungulira zivindikiro za mapoto. Zodabwitsa: nyenyezi zikutuluka! Kalasi yonse zii, malilime panja. Mtsikana wina, Agnesi, walumikiza zake mpaka pepala lamuthera, akupitiriza pa desiki. Sindikumuletsa.

Lachisanu
Lero ndi tsiku la mlendo wolemekezeka, a Shehe a ku boma, odzatiwerengera zilembo za Chiarabu masana. Ana asesa, a hedi avala taye. Tikudikira. Ndikuwaimbira foni a Shehe.
"Achimwene, Lachisanu masana mukuganiza kuti ndingakhale kuti?"
Kumzikiti, inde. Katswiri wa chikhalidwe cha Chisilamu ndine.
Zilembozo ndikuzikweza m'mwamba ndekha. Agnesi akufunsa ngati sizinazondoke. Ndikuti funso labwino.

Loweruka
Chionetsero. Popeza guluu palibe, tamata nyenyezi kukhoma la panja ndi phala la ufa. Zikuoneka bwino zedi. Tikulowa m'kalasi kuti a hedi alankhule mawu ochepa. Mawu ochepawo akutenga m'mawa wonse.
Potuluka: mbuzi. Zadya mzere wonse wam'munsi, ina yaima ndi miyendo iwiri ikuyamba wachiwiri. Azimayi akuzithamangitsa, ana akufa ndi phwete, Agnesi akulira. Amayi ake akumatula nyenyezi yake yomwe yatsala theka, akuipinda bwinobwino n'kuimangirira pa chitenje. "Tikaijambula pa khoma kwathu, dothi lofiira lilipo."

Lamulungu
Chifunga mpaka Phiri la Dedza silikuoneka. Minibasi palibe. Ndakhalira bokosi m'mbali mwa msewu, tsopano ndi lopepuka.
Abwana pa foni: "Tumizani chithunzi choonetsa chidwi cha anthu a m'deralo."
Ndili nacho chimodzi chokha chooneka bwino. Chidwi chilipo ndithu, ndi pepala kukamwa.
Ndatumiza.