Mayi Amene Ankalandira Alendo ndi Msana

Anamsana, mzimu wawo uuse mumtendere, sankalandira mlendo ndi nkhope. Ukafika pageti ankatembenuka, n'kukhala pandowa yovundikira, msana uli kwa iwe. Dzinalo linachokera pamenepo. Ine ndinakhala nawo mpanda umodzi zaka khumi ndi zinayi, koma mukandifunsa za mphuno yawo ndiyamba ndaganiza kaye. Msanawo ndiye ndingaujambule nditatsinzina.

Ankatola mahatchi otayidwa: omenyedwa, a zilonda, ena nthiti zawo mumawerenga muli kutsidya kwa msewu. Kenako anayamba kulandiranso ana osowa owalera. Hatchi kaya mwana, lamulo linali limodzi.

"Chomenyedwa sumachiyang'ana m'maso, asisi," ankatero. "Amayamba ndi maso, chikwapu chimabwera pambuyo. Chipatse msana, chibwera chokha kudzakununkhiza."

"Nanga ine anandimenya ndani?"

"Inu ndiye ndimangopumitsa maso."

Abusa atabwera kudzapempherera khola, anapemphera ndi msana mpaka ameni. Dokotala wa ziweto anaufunsira ukwati msana womwewo, kawiri konse. Unakana.

Ndiye kunabwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, koti kadutsa m'makomo asanu, kosalankhula. Anzake anakatcha Kachete. Abwana oona za ana, a taye ndi fayilo, ananena mosabisa, ine ndikuyanika zovala zouma kale pafupi ndi mpanda: pakatha miyezi itatu mwanayo asanalankhule, amutengera kunyumba ya ana, kutali uko.

Anamsana sanamufunse mwanayo kanthu. Anangomupatsa bulashi n'kumulozera hatchi ya diso limodzi, ija inandidyera chipewa. Iwo basi pandowa. Sabata. Mwezi. Miyezi iwiri.

"Mulankhulitseni mwanayo!" ndinawakalipira pampanda. "Amutengatu!"

"Pakamwa panupo pakutikwanira tonse."

Anayankha choncho, n'kupitiriza kuluka chingwe chawo.

Tsiku linakwana. Abwana anafika, analandiridwa ndi msana, anapsa mtima.

"Mayi, ndikulankhula ndi inu!"

"Makutu ali m'mbalimu, bwana, akumva."

"Mwanayu walankhula?"

Anamsana bodza sankalidziwa. "Ayi."

Abwana anatsegula fayilo. Pothawa dzuwa, anabwerera chambuyo n'kukaima kumchira kwa hatchi ija, cha mbali yopanda diso. Hatchi inagoneka makutu.

"Inu a taye! Chokani kumatakoko, ikuguludzani mano!"

Mawu ake ngati kondakitala woitanira basi. Anali Kachete! Abwana anadumpha, nsapato thii mundowe. Analemba ataima ndi mwendo umodzi kuti mwana atsale. Tsiku limenelo Anamsana anatembenuka, anthuni. Nkhope yonse misozi yokhayokha.

Kachete anakhala zaka ziwiri, akulongolola moti ine ndinayamba kuopa kulandidwa ntchito yanga ya pakamwa.

Miyezi itatu yapitayi, Anamsana anagwa akukankha wilibala ya udzu. Mtima unangoima. Kuchipatala sanafike. Woti apitirize ntchitoyo panalibe. Mahatchi anakwezedwa m'malole, awa uku, awa uko. Ana anadzawatenga abwana omwe aja.

Ndinapempha kuti Kachete atsale kwanga. Abwana anaona zipinda zanga ziwiri, anaona amuna anga pabedi ndi sitiroko yawo, n'kuvula magalasi.

"Pepani, mayi. Ndayesetsa."

Ndipo anayesetsadi, sindingawanamizire.

Ali pachitseko cha galimoto, Kachete anafunsa funso limodzi lokha.

"Kumene yapitako hatchi ya diso limodzi ija mwawauza kuti siidya pamodzi ndi zinzake? Zimailanda chakudya."

Tinayang'anana. Palibe ankadziwa kumene yapita. Mwanayo anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kukwera. Ndamva kuti kumene aliko sanatsegulenso pakamwa.

Pano kuseri kwa mpandaku udzu wafika m'chiuno. Ntchentche zatha, fungo latha, amuna anga akuti tsopano tikudya ngati anthu. Dzulo kunabwera ena ndi tepi kudzayeza malowo, akuti amangapo mashopu. Mmodzi anasuzumira pampanda.

"Mayi, kodi pankakhala ndani pano?"

Ine, amene chibadwire sindinasowepo chonena, ndinangolowa m'nyumba.